Marcella Bartosh, Mayi Amene Chipani Chawo Chinawataya

Malemu mayi Marcella Bartosh, amene tawazungulira m'tchalitchi muno m'mawa uno, anabadwa pa 9 Malichi 1957 kuno ku Port Carver, m'nyumba ya njerwa ija ili kumtunda kwa njanji, imene lero akugulitsiramo matayala. Bambo awo anali malemu Andrew Dzurko, amene ankagwira ntchito pang'anjo ku fakitale ya magalasi. Mayi awo anali malemu Veronica Dzurko. M'banjamo munabadwa ana awiri okha. Woyamba ndi amene agona apawa. Wachiwiri ndine, Emil Dzurko, mlongo wawo, amene ndinabwera patapita zaka zinayi. Abambo ansembe, achibale, anansi, ndi nonse amene mwapirira kuzizira kuti mudzakhuze malirowa, ndikupempha kuti mundilezere mtima. Pepala ndanyamulali ndi lalitali, ndipo muli zina zimene siziwerengedwa kawirikawiri pamaliro.

M'chaka cha 1963 malemu anayamba sukulu kwa masisitere, kuseri kwa tchalitchi chomwe chino. Anali akuthwa pamasamu, komanso akuthwa pakamwa, ndipo masisitere ankayamikira choyambacho chokha. Bambo athu anali munthu wa chipani. Akuluakulu muli muno mukukumbukira kuti masiku amenewo munthu wa kufakitale anali ndi chipani chimodzi basi, chinacho ankachitchula akafuna kutukwana. Chisankho chikayandikira, bambo ankatitenga Loweruka lililonse kukagogoda khomo ndi khomo m'wadi yachitatu. Malemu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ankadziwa kale nyumba imene ili ndi galu woluma, imene muli mayi wamasiye wofunika kumunyamula pagalimoto, ndi imene mwamuna amavomera pakhomo koma wovota ndi mkazi. Bambo ankatiuza kuti, "Chipani chili ngati tchalitchi. Wansembe akhoza kukukwiyitsa, koma Misa sujomba." Abambo ansembe mundikhululukire, ndi mmene ankanenera. Tonse awiri tinakula ndi mawu amenewa.

Mu Juni 1975 malemu anamaliza sekondale, ndipo anapeza malo pa sukulu ya anamwino ku Pittsburgh. Mwezi wotsatira bambo anapsa mkono ndi galasi losungunuka, moti sanabwererenso pang'anjo. Malemu anawasiya malo aja n'kulowa fakitale yomweyo, kolongedza matambula m'makatoni. Sindinawamvepo akudandaula. Koma kalata yowaitana kusukulu ija, mwana wawo Paula waipeza sabata ino m'kabati ya zovala, ikadali mu envulopu yake.

Pa 16 Juni 1979 anamanga ukwati pa guwa ili ndi malemu bambo Leon Bartosh, amene ankayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo. A Leon anali munthu wofatsa kwambiri. Anthu ankaseka kuti m'nyumba imeneyo Mulungu anapereka mawu onse kwa munthu mmodzi. Anadalitsidwa ndi ana awiri, Paula m'chaka cha 1981 ndi Gregory m'chaka cha 1984.

Fakitale ya magalasi inatsekedwa mu Okutobala 1986. Chaka chotsatira malemu anayamba ntchito ku nyumba yosungira okalamba ya boma lathu, ija timangoti nyumba yapaphiri. Kumeneko anakhalako zaka makumi atatu. Ankasambitsa makolo anu, kuwadyetsa ndi sipuni, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda, ndipo ambiri a iwo anatseka maso dzanja lili m'manja mwa malemuwa. M'chaka cha 1994 anzawo anawasankha kukhala wowayankhulira mu bungwe la apantchito. Akuluakulu a panyumbapo akamva nsapato zawo m'khonde ankayamba kusakasaka mapepala.

Nthawi yonseyi chipani sanachisiye. Kuyambira 1978 anali mu komiti ya wadi yachitatu. Tsiku lovota ankatenga tchuthi n'kumanyamula nkhalamba kupita nazo kovota kuyambira m'mawa mpaka malo atatseka. Madyerero a chipani akakhalapo, tizitumbuwa tija ta mbatata timatitcha pirohi, timene munkadya, ankapinda ndi iwo pamodzi ndi amayi anzawo, mazanamazana. M'chaka cha 1996, bambo Russell Deegan, loya wachinyamata amene palibe ankamudziwa, anaima pa mpando wa phungu wathu ku nyumba ya malamulo ya chigawo. Amene anawagwira dzanja n'kuwalowetsa m'makhichini a anthu anali malemuwa. A Deegan atapambana, anaimirira m'holo ili kuseriyi n'kunena kuti, "Mpando uwu ndi wa mayi Bartosh, ine ndangowasungira." Ena mwa inu munaomba m'manja tsiku limenelo. Inenso ndinaomba.

A Leon anatisiya pa 2 Novembala 2011. Mu 2014 mayi athu, amene matenda onjenjemera anali atawagwira manja onse awiri, analowa m'nyumba yapaphiri kuti mwana wawo aziwaona tsiku lililonse. Apa ndinali nditakhala wapampando wa wadi yachitatu, ndipo ndinkagwira ntchito ku nthambi ya misewu ya boma lathu. Ntchito imeneyo ndinaipeza kudzera mwa anthu a chipani. Ndikunena zimenezi kuti zotsatirazi zimveke.

Mu Malichi 2017 kunamveka kuti nyumba yapaphiri ikugulitsidwa kwa kampani yakunja kwa dera lino. Amene ankagulitsa anali anthu athu omwe, a chipani chathu. Malemu anapita kwa a Deegan, ndipo a Deegan analonjeza kuti adzabwera pamsonkhano wa anthu onse kudzakana. Tsikulo litafika, malemu anawasungira a Deegan mpando kutsogolo ataikapo jekete lawo. Msonkhano unatha jekete lili pomwepo. Lachisanu lotsatira, pa chakudya cha nsomba cha nyengo ya Lenti m'holo muja, anakumana ndi a Deegan ali pamzere ndi mbale m'manja. A Deegan anati, "Marcella, ndale ndi zovuta, si zonse zimene munthu angaziletse." Malemu anayankha anthu onse akumva kuti, "Russell, sindinakupemphe kuti uletse. Ndinakupempha kuti ubwere." Kenako anawaikira nsomba m'mbale, chifukwa tsikulo ogawa anali iwo.

Nyumba inagulitsidwa mu Juni. Pofika Sepitembala, wosamalira mmodzi amene ankaona anthu asanu ndi atatu anali akuona khumi ndi asanu. Malemu anafotokoza zimenezi kwa mtolankhani. Pa 10 Novembala 2017 anachotsedwa ntchito, ndipo mlonda amene iwo anamusamalirira agogo ake ndiye anawaperekeza mpaka pageti.

Mu Januwale 2018 kunyumba kwawo kunafika mayi Imani Whitlock, mphunzitsi wa kusekondale, amene akhala kumanzere kwangaku. Anabwera ndi anzawo a gulu lija manyuzipepala amalitcha la kumanzere, ndipo ife m'komiti tinkangowatcha ana otentha mitu. Iwowa ankafuna kuti munthu aliyense azichiritsidwa popanda kufunsidwa thumba, kuti malipiro a wantchito azikwanira kudya, ndiponso kuti phungu asamalandire thandizo la makampani. Anapempha malemu kuti apikisane ndi a Deegan pa chisankho cha chipulula cha mu Meyi. Paula akuti mayi ake anaseka mpaka kukhosomola, n'kuti, "Ana inu, ine ndimadziwa kutembenuza nkhalamba pabedi. Malamulo ndiwadziwira kuti?" A Whitlock anayankha kuti, "Amene amawadziwawo ndi amene agulitsa bedilo." Patatha sabata, malemu anavomera.

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri palibe amene anayerekeza kupikisana ndi a Deegan m'chipani. Wapampando wa chipani m'boma lathu, bambo Carmine Belotti, anaitana malemu kuofesi. Anawauza kuti dera lasintha, kuti alimi a kumapiri apita kale ku chipani chinacho, kuti wogawa chipani mu Meyi amadzalira pa chisankho chachikulu cha mu Novembala. Anawauza kuti ayembekezere nthawi yawo. Malemu anafunsa kuti, "Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, a Belotti. Nthawi yangayo ndi iti? Ndili m'bokosi?" Ndinene chilungamo, mawu a a Belotti ine ndinkawakhulupirira, ndipo ena mwa iwo ndimawakhulupirirabe. Koma ndinkaganizanso za ntchito yanga, imene inali itatsala zaka zochepa kuti ndipume.

Monga mukudziwa, munthu salowa pa pepala lovotera popanda anthu mazana atatu a chipani kusaina kuti akumufuna. Malemu anayenda m'chipale chofewa masabata atatu ndi mapepala awo. Loweruka lina masana anafika kwanga. Ndinawalandira pakhomo, sindinawalowetse. Anandipatsa cholembera, ine n'kuika manja m'matumba. Anati, "Emil iwe, ndinkakupukuta mamina ine. Lero dzina lako lakulemera?" Ndinati, "Achemwali, ndine wapampando wa wadi." Anandiyang'ana n'kuti, "Wapampando. Chabwino, bwana, lowani mungazizidwe." Anatsika masitepe n'kukagogoda khomo lotsatira.

Anapereka mayina mazana atatu ndi makumi anayi ndi limodzi. M'mawa wa tsiku lachitatu a Belotti anatisonkhanitsa, ife apampando a mawadi, pamodzi ndi loya wochokera kulikulu. Aliyense anapatsidwa masamba a dera lake kuti afufuze zolakwika: amene anasamuka, amene analemba dzina lachidule, amene sali m'kaundula wa chipani. Zimenezi ndi zololedwa, ndipo ndinali nditazichitapo kwa ena. Tinapeza mayina makumi awiri ndi anayi. Sanakwane kuwagwetsa. Kenako ndinatsegula tsamba la khumi ndi chimodzi, la anthu a m'nyumba yapaphiri, pamene malemu analumbira pansi pake kuti anaona aliyense akusaina ndi dzanja lake. Pamzere wachisanu ndi chimodzi panali dzina la mayi athu, Veronica Dzurko, lolembedwa mowongoka bwino. Mayi athu anali asanagwire cholembera kwa zaka zitatu. Kalembedweko ndinakadziwa, chifukwa ndi komwe kanali pa khadi lililonse la Khrisimasi limene ndinalandirapo.

Palibe wina m'chipindamo akanazindikira. Ndikanatembenuza tsamba, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinakhala ndikuliyang'ana mwina mphindi imodzi. Kenako ndinaitana loya uja n'kumulozera ndi chala.

Pa 27 Malichi 2018 tinakumana kukhoti. Ine ndinaima n'kulumbira kuti mayi anga sangathe kulemba. Woweruza anafunsa malemu ngati zinali zoona. Loya wawo anafuna kuwaletsa, koma iwo anati, "N'zoona. Mayi anga mutu wawo ndi wabwinobwino, manja ndi amene anafa. Anandiuza kuti, lemba mwana wanga, ndikufuna dzina langa likhalepo. Ndinalemba." Chifukwa cha lumbiro lawo lija la pansi pa tsamba, tsamba lonse linatayidwa, mayina makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Anatsala ndi mazana awiri ndi makumi asanu ndi atatu ndi asanu ndi anayi. Anachotsedwa pa chisankho.

Ndili mwana ndinali wachibwibwi, ndipo amene anandiphunzitsa kutulutsa mawu, atandikhazika pamasitepe a kwathu tsiku ndi tsiku, anali malemuwa. Panja pa khoti anabwera pamene ndinaima, anandikonzera kolala ya jekete, n'kuti, "Walankhula bwino, Emil. Sunakakamire ngakhale liwu limodzi." Amenewo ndi mawu omaliza amene anandiyankhula kwa zaka zisanu ndi theka.

Sabata lomwelo m'makomo mwanu munagwa timapepala tonena kuti mayi Bartosh anaba dzina la mayi awo odwala. Ine sindinalembe timapepalato, koma ndinadziwa amene analemba, ndipo ndinakhala chete. Mayi athu sitinawauze. Mu Meyi yense ankafunsa aliyense wolowa m'chipinda mwawo kuti, "Kodi tsiku la Marcella ndi liti? Wina adzandinyamule." Tinkawayankha kuti lasunthidwa. Anamwalira pa 19 Ogasiti chaka chomwecho akudikirabe.

M'chaka cha 2020, mliri wa korona utalowa m'nyumba yapaphiri ndipo antchito akuthawa, kampani ija inayamba kulemba aliyense wopezeka. Malemu anabwerera ngati waganyu, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu, pamalo pomwe anawathamangitsa. Miyezi inayi adzukulu awo ankangowaonera pawindo. M'nyumbamo munamwalira anthu makumi atatu ndi mmodzi. Achibale a anthu amenewo sankaloledwa kulowa, ndipo ena mwa inu munatsanzikana ndi makolo anu kudzera pa foni imene malemuwa anakugwirizirani pakhutu lawo. Mliri utachepa, ganyuyo inatha, ndipo palibe amene anawaitana kuti akhale.

Mu 2022 anaimanso. Ulendo uno anapereka mayina oposa mazana asanu ndi anayi, lililonse a Whitlock ataliunika kawiri. Tinafufuza, sitinapeze pogwira. Apa a Deegan, amene kwa zaka zambiri sankaoneka m'misewu yathu, anayamba kugogoda okha. Timapepala tokongola tosindikizidwa kutali tinkagwa m'makomo pafupifupi tsiku lililonse, tonena kuti mayi Bartosh akufuna kukweza misonkho ndi kuthetsa apolisi, mawu amene sanawanenepo. Nkhani ya dzina la mayi athu inafukulidwanso. Koma chimene chinawapweteka kwambiri sichinachokere kwa ife. Akuluakulu a bungwe la apantchito, limene iwo analitumikira zaka makumi awiri ndi zitatu, analengeza kuti ali mbali ya a Deegan, ati chifukwa ndi amene angapambane. Paula akuti tsiku limenelo mayi ake anavula baji ya bungwe imene sinkachoka pa jekete lawo, n'kuiika m'mbale ya mabatani.

Pa 17 Meyi 2022 anthu anavota. Malemu anagonja ndi mavoti mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Mwa anthu anayi alionse a chipani chathu, atatu sanatuluke m'nyumba. Wadi yachitatu, yanga, inavotera malemu. Ine ndinavotera a Deegan.

Patapita masabata awiri malemu anaitana anthu awo pabwalo la kunyumba kwawo, n'kuwauza kuti mu Novembala avotere a Deegan. Anati, "Ndakangana ndi m'bale wanga, koma nyumba sindiitentha." Ambiri sanamve. Wina anawafunsa kuti akulonjezani chiyani. Ena analemba pa intaneti kuti mayi Bartosh agulidwa, kuti anali wa akuluakulu kuyambira kale. Anthu amene anadya patebulo lawo miyezi isanu anayamba kuwoloka msewu akawaona. A Whitlock anakhala nawo, ndipo chifukwa cha zimenezo gulu lawo linagawika pawiri. Ku mbali yathu nako sikunabwere zikomo. Komiti ya boma lathu inakumana mu Julayi n'kuwachotsa pa udindo wa m'wadi umene anaugwira zaka makumi anayi ndi zinayi. Kalata yake inali ya mizere itatu. Ngakhale zinali choncho, tsiku lovota la Novembala anatulutsa galimoto yawo n'kunyamula nkhalamba monga mwa nthawi zonse.

A Deegan anagonja. Mpando umene unali wa chipani chathu kuyambira bambo athu ali anyamata unapita ku chipani chinacho, ndipo uli komweko mpaka lero. A Belotti anauza nyuzipepala kuti mlandu ndi wa amene anagawa chipani mu Meyi. A kumanzere anati mlandu ndi wa amene anakakamira munthu wotopa. Ine ndaganizira nkhaniyi masiku ambiri, ndipo sindikudziwa amene akunena zoona. Mwina onse. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyumba yapaphiri yagulitsidwanso kachiwiri, Gregory anasamukira ku Ohio kukafuna ntchito, ndipo pamsonkhano womaliza wa wadi yachitatu tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, wamng'ono pa tonse ndi ine.

Mu Sepitembala 2023 malemu anayamba kuonda ndi kukana chakudya. Pa 3 Okutobala madokotala anapeza khansa ya kapamba, itafalikira kale. Ankafunika kupita ku Pittsburgh Lachiwiri lililonse. Paula sakanatha kujomba kuntchito sabata ndi sabata, ndipo ine ndinali nditapuma. Anandiimbira foni n'kuti, "Amalume, sindikukupemphani kuti mugwirizane. Ndikupempha galimoto." Ndinapita. Malemu anatuluka, anakhala mpando wakumbuyo, ndipo tinayenda ola lathunthu popanda liwu. Ulendo wachitatu galimoto inagwera m'dzenje pa mlatho wakale, ndipo ndinamva kumbuyo kuti, "Zaka makumi atatu ku misewu, Emil, maenje ake ndi omwewa." Ndinaseka, kenako ndinalephera kuona bwino kutsogolo. Ulendo wachinayi anakhala mpando wakutsogolo.

Tinayenda maulendo khumi ndi limodzi. Tinkakamba za bambo, za masisitere, za anthu amene anamwalira. Pa ulendo wachisanu ndi chinayi ndinalimba mtima. Ndinati, "Achemwali, za tsamba lija." Anandidula. Anati, "Yang'ana msewu." Ndinayesanso pobwerera. Anati, "Emil, ndatopa. Uzikauza ansembe." Choncho musabwere kudzanditonthoza kuti anandikhululukira. Mwina anatero, koma sananene, ndipo malemuwa sanali munthu wosunga mawu m'kamwa.

Mu Januwale chaka chino madokotala anati palibenso chochita, ndipo malemu anapempha kukhala kunyumba kwawo. Lamulungu lina masana tinali m'chipinda mwawo, ine, Paula ndi a Whitlock. A Whitlock anawauza kuti mbewu imene anafesa idzamera. Malemu anapukusa mutu. Anati, "Imani, usandinamize, ndaona anthu ambiri akunamizidwa pabedi. Ndagogoda zitseko kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba inapita, mpando unapita, ana akusamuka. Ndiuze chimodzi chimene chatsala." Tonse atatu tinayang'ana pansi. Kenako malemu anapempha madzi, n'kuuza Paula kuti, "Mbiri yanga adzawerenge Emil. Ndipo za kukhoti asadzadumphe." Ndi chifukwa chake ndaima pano.

Malemu anatsikira kulichete Lamulungu pa 4 Febuluwale 2024, nthawi ili cha m'ma 10 koloko m'mawa, atalandira masakramenti, ana awo onse awiri ali pambali. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi chimodzi.

Asiya ana awiri, mayi Paula Renner ndi bambo Gregory Bartosh. Asiya apongozi awo, bambo Dale Renner ndi mayi Corinne Bartosh. Asiya adzukulu anayi, Nolan, Audrey, Leon wamng'ono ndi Vera. Asiyanso ine mlongo wawo.

M'malo mwa banja, ndikuthokoza Abambo ansembe amene ankabwera ndi Ukaristia Lachisanu lililonse. Ndikuthokoza anamwino awiri amene ankasinthana kunyumba masabata omaliza. Ndikuthokoza amayi amene anagwira nawo ntchito ku nyumba yapaphiri, amene anapempha kuti asambitse ndi kuveka thupi okha, ati chifukwa mwini wake ndi amene anawaphunzitsa. Ndikuthokoza mayi Whitlock, amene sanachoke pamene kuchoka kunali kosavuta. Ndikuthokoza amayi a m'parishi amene aphika chakudya chimene tikadye m'holo tikachoka kumanda. Nonse mwaitanidwa.

Pali pempho limodzi limene Paula wandituma. Chisankho cha chipulula chikubweranso mu Epulo. Thupi lisanachoke n'komwe m'nyumba, foni inali italira kawiri. A komiti ya chipani akufuna kukhazikitsa mphotho ya dzina la malemu pa madyerero a chaka chino. A gulu linalo akufuna chithunzi chawo pa timapepala ta munthu amene akumuimika. Banja lakana zonse ziwiri, ndipo likupempha kuti lisafunsidwenso, lero kapena mawa. Ali moyo anaima pakhomo la aliyense wa ife kupempha dzina, voti, kapena kungobwera pamsonkhano. Amene tinawamana, tisapemphe dzina lawo tsopano.

Achemwali, ndawerenga monga munanenera. Sindinadumphe. Ambuye akulandireni ndi manja awiri, akupatseni mpumulo umene kuno simunaupeze. Mzimu wanu uuse mumtendere.